ATI USDT SIIGWA, NANGA NDALAMA ZANU ZIKUTHERA KUTI?

Anyamata a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malembo, Msaka, Senga Bay, Chikombe mpaka ku Nkhotakota ndi kumtunda konseko: Uthengawu ndi wautali. Ngati muli pa ntchito usungeni, muwerenge mukatsika m'boti.

Pali chiphunzitso chatsopano chomwe chikuzungulira m'magulu athuwa. Ati amene akudyedwa pa juga ya pa intaneti ndi mbuli zomwe zikubetcha ndi Bitcoin kapena timakoini tina tokwera n'kutsika. Ati wochenjera amabetcha ndi USDT chifukwa imeneyo ndi stablecoin, imodzi ndi dola imodzi ya ku America, lero, mawa ndi mkuja. Ati ukatero wachotsa risiki, chatsala n'kudziwa kusewera basi. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, ndipo likuposa mabodza akale aja kuopsa chifukwa lili ndi kachoonadi m'kati mwake. Tonse kuno timadziwa kuti nyambo imakhala yeniyeni, nsomba imafa ndi mbedza yobisala m'katimo.

Ine ndine makaniko wa mainjini a maboti, sukulu ndinalekeza Fomu 4. Masamu onse amene ndichite pano ndi a ku pulayimale. Tsegulani kakyuleta ya pa foni yanu, muziwerengera limodzi nane. Pamene ndanama mundigwire pagulu pompano.

*Tiyambe ndi pamene akunena zoona*

Bitcoin imavina, zimenezo sindikana. Mu November 2021 imodzi inafika pafupifupi madola 69,000. Pofika November 2022, kampani yaikulu yogulitsa makoini ya FTX itagwa, inatsika mpaka pansi pa madola 16,000. Chaka chimodzi chokha, magawo oposa atatu mwa anayi anapita. Munthu amene anasunga ndalama zake za juga mu Bitcoin nthawi imeneyo anali kutchova juga pawiri: kwina pa gemu, kwina pa mtengo wa koiniyo. Akanatha kuwina usiku, n'kudzuka m'mawa zowinazo zitafwifwa ali m'tulo. Ndiye ngati funso lili loti pakati pa Bitcoin ndi USDT n'chiti chimene mtengo wake sugwedezeka tsiku ndi tsiku, yankho ndi USDT, palibe mkangano.

Chinanso n'choti kwacha yathu yatipweteka. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Ife okonza mainjini tinazimva tsiku lomwelo, chifukwa pulagi, impela, pisitoni, maring'i, chilichonse cha Yamaha chimachokera kunja. Choncho mnyamata akamati akufuna ndalama yosasungunuka m'manja, ine ndimamumvetsa. Si wopusa ayi.

Koma funso lija alifunsa mokhota dala. Akukufunsani kuti mukufuna kumira ndi boti liti, lofiira kapena lobiriwira. Funso loyenera n'loti, kodi ndalama za wotchova juga zimatulukira pati?

*Chiboo chili mu gemu*

Nangula amaletsa boti kutengedwa ndi mphepo, koma satseka chiboo. Boti lobooka, olo uliponyere nangula wolemera chotani, limira pamalo pomwepo, mwaulemu, osasuntha. USDT ndi nangula ameneyo. Chiboo chili mu gemu yomwe mukusewerayo, ndipo anachiboola dala, sabisanso.

Tengani ruleti ya ku Ulaya. Ili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Ukalasa nambala amakulipira ka 35 pamwamba pa zomwe unaika. Chilungamo chikanakhala ka 36. Kamodzi kosowako ndiye chakudya cha mwini kasino: 2.7 peresenti ya ndalama iliyonse yoikidwa patebulo. Ruleti ya ku America ili ndi ziro ziwiri, manambala 38, ndipo mwini amatenga 5.26 peresenti.

Tengani kandege kathu komwe. Kampani yomwe inapanga Aviator, Spribe, imalemba yokha kuti gemuyo imabweza 97 peresenti kwa osewera. Anyamata akamva 97 amasangalala ngati ndi malikisi a mayeso. Tanthauzo lake ndi ili: pa K100 iliyonse yomwe anthu onse aika, K3 imatsala kwa mwini. Mwayi woti kandege kafike pa 2x si theka, ndi 48.5 pa 100. Woti kafike pa 10x ndi 9.7 pa 100.

Mwina mukuti K3 ndi kanthu kochepa. Vuto n'loti palibe amene amaika kamodzi n'kupita kukagona. Uli ndi K100,000. Waika, wawina pang'ono, waikanso, waluza, waikanso. Pofika pakati pa usiku ndalama yomwe ija waizunguza ka 10, kutanthauza kuti zonse zomwe wabetcha zakwana K1,000,000. Mapelesenti atatu a miliyoni ndi K30,000. Tsopano lembani 0.97 pa kakyuleta, muichulukitse ndi 0.97 mobwereza. Pa ulendo wa 23 muona kuti kwatsala theka. Pa ulendo wa 50 kwatsala K22 pa K100 iliyonse. Ena atsala ndi zoposa pamenepo, ena atsala opanda kanthu kalekale, koma mukaphatikiza gulu lonse, njira yake ndi imeneyo.

Tsono ndiuzeni amwene, mu masamu onsewa ndatchula pati dzina la koini? Ikani kwacha, ikani randi, ikani Bitcoin, ikani USDT, ikani ndowa za usipa ngati angalole. Mapelesenti atatu aja sasintha. Amene akukuuzani kuti stablecoin imachotsa risiki wakuchotserani mafunde, wakusiyirani chiboo.

*"Ine ndili ndi sitilateji"*

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kulemba yankho. Ati iye akaluza amaika kawiri, mpaka abweze. Tiyeni tiiyese. Wayamba ndi K1,000 pa 2x. Waluza, K2,000. Waluza, K4,000, kenako K8,000, K16,000, K32,000, K64,000. Kuluza ka 7 motsatizana, K127,000 yapita. Ulendo wa 8 ukufunika K128,000, ndipo ukawina phindu lako lonse ndi K1,000 imodzi ija. Kuluza ka 7 motsatizana pa 2x kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 oyambira. Kandege kamauluka kangati usiku umodzi? Sabata siitha usanakumane nako.

Wina ati ali ndi apu yolosera. Aise, munthu amene angadziwe pomwe kandege kagwere angamakugulitseni apu ya K15,000 pa Telegram? Akanakhala chete n'kumatola mamiliyoni yekha.

Wina ati kasino yake ndi "provably fair". Mawu amenewo ali ndi tanthauzo lenileni: zotsatira za gemu zimatsekeredwa ndi masamu usanabetche, moti ungathe kutsimikiza pambuyo kuti sanazisinthe. Chabwino. Zikutsimikiza kuti sakukuberani kuseri. Gawo lawo lija akutenga poyera, ndipo n'lokwanira. Munthu wokhala ndi chilimira safunika kuba nsomba za mnzake.

*Amene USDT ikumuthandiza kwenikweni ndani?*

Dzifunseni chifukwa chake makasino eni ake amalimbikitsa stablecoin. Mwini kasino nayenso sakonda mafunde. Akufuna kudziwa kuti zomwe watola lero zikhala ndi mtengo womwewo tsiku lolipira antchito ake. Kukhazikika kumeneko n'kwake.

Kwa inu USDT imachita zinthu zitatu. Choyamba, imakupatsani mtima pansi. Wa Bitcoin akaona mtengo ukutsika amachita mantha, amatulutsa zotsala. Wa USDT amati ndalama zanga zili bwino, zikhale momwemo, ndi banki yanga imeneyi. Ndalama zogona m'kasino zili ngati usipa woyanika pathandala lopanda mlonda, akhwangwala ali pamwamba. Chala chako chomwe ndiye khwangwala wake.

Chachiwiri, imachepetsa nambala m'maso. Munthu kutulutsa K20,000 ya mapepala m'thumba n'kuipereka, mtima umagunda. Koma pa foni palembedwa kanambala kakang'ono, 5 kapena 10, ngati ya maswiti. Amadina osamva kupweteka. Pajatu makasino a nyumba amakusinthirani ndalama kukhala timapulasitiki tozungulira pa chifukwa chomwechi. USDT ndi kapulasitiki komweko, kangolowa m'foni.

Chachitatu, imasintha dzina la chinthu. Kale munthu ankanena mosabisa kuti ndikukabetcha, ndipo amayi ake ankadziwa chomutchula. Lero akuti ali mu kiripito, akupanga "trading", ali ndi waleti ya madola. Mkazi kunyumba akuganiza kuti mwamuna wake wayamba bizinesi. Juga yavala jekete.

*Msonkho wa pakhomo, polowa ndi potuluka*

Kuti kwacha yanu isanduke USDT mumadutsa kwa munthu wa P2P. Mumamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, iye n'kukupatsani koini. Mtengo wake si wa ku banki uja, ndi wa pamsika wakuseri, wokwera kwambiri. Potumiza pali chaji. Posamutsa koiniyo kupita ku kasino pali chaji ya netiweki. Potulutsa palinso chaji. Pogulitsa, wa P2P akugulani motsika kuposa mmene anakugulitsirani, chifukwa phindu lake ndi lomwelo. Kenako kwa ejenti pokatapa ndalama m'manja, chaji ina.

Yesani izi, musabetche n'kamodzi komwe. Lembani papepala kwacha zomwe mwatulutsa, mugule USDT, muitumize, muibweze, muigulitse, mukatape. Werengani zomwe zabwerera m'thumba. Kusiyana kumeneko mwaluza kandege kasananyamuke.

Ndiponso msewu umenewu ulibe pobwerera. USDT imayenda pa manetiweki angapo, TRC20, ERC20, BEP20 ndi ena. Ukasankha wolakwika, kapena ukatumiza ku adiresi yolakwika, ndalamazo zikhoza kupita basi. Pa foni wamba ukalakwitsa nambala umatha kuimba n'kudandaula, mwina n'kubwezeredwa. Kuno madzi akatayika saoleka.

*Nanga n'zoona kuti siigwa?*

USDT si dola. Ndi lonjezo la kampani yotchedwa Tether loti penapake yasunga chuma chokwana dola pa koini iliyonse. Ndi chiphaso cha ngongole, ngati kapepala komwe wogula nsomba amakulembera kuti ndidzakulipira ndikabwera ku Limbe. Mtengo wa kapepalako umadalira amene walemba.

Mu February 2021 Tether ndi kampani inzake ya Bitfinex anagwirizana kulipira madola 18.5 miliyoni ku ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York. Mu October chaka chomwecho bungwe la boma la America lotchedwa CFTC linalipitsa Tether madola 41 miliyoni chifukwa chonena kuti koini iliyonse ili ndi dola kumbuyo kwake nthawi zonse, pomwe sizinali choncho. Kuti ukawombole madola enieni ku Tether kwenikweniko umayenera kukhala ndi osachepera 100,000. Ine ndi inu sitidzagogoda pakhomo limenelo. Dola yathu ndi mnyamata wa P2P uja basi. Komanso kampaniyo ili ndi mphamvu yotseka USDT yomwe ili mu waleti ya munthu, ndipo yakhala ikutero ikapemphedwa ndi apolisi a maiko.

Inzake, USDC, ija amati ndi yaukhondo kwambiri, mu March 2023 inatsika kufika cha m'ma 88 senti, banki ya Silicon Valley Bank itagwa ili ndi madola 3.3 biliyoni a kampani ya Circle. Inabwerera patapita masiku ochepa boma la America litalowererapo, koma amene anagulitsa ndi mantha anapsa.

Yoopsa kwambiri inali TerraUSD. Imeneyonso inkatchedwa stablecoin. Inalibe madola okwanira kumbuyo, inkadalira koini inzake ya Luna. Anthu ankaisungitsa pamalo otchedwa Anchor, lomwe ndi liwu la Chingerezi la nangula, n'kumalonjezedwa chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 peresenti pachaka. Mu May 2022 chingwe cha nangula ameneyo chinaduka. M'sabata imodzi chuma cha pafupifupi madola 40 biliyoni chinasungunuka. Mwini wake, Do Kwon, anakagwidwa ku Montenegro mu March 2023. Anthu a ku Korea ndi ku America, ophunzira kuposa ife, okhala ndi maloya, analira chimodzimodzi.

Sindikunena kuti USDT igwa mawa. Yakhalapo kuyambira 2014 ndipo yapirira mikuntho ingapo. Ndikunena kuti liwu loti "stable" ndi dzina lamalonda. Boti angalilembe kuti "Mulungu Alinane" koma likadzaza mopyola muyeso mwera sumawerenga zolembazo.

*Zikavuta mukadandaula kwa yani?*

Makasino ambiri a kiripito ali ndi ziphaso za ku Curaçao, kachilumba ka ku Caribbean kufupi ndi Venezuela. Alipo pagulu pano amene angaloze pamapu? Ena mwa makasinowa polowetsa ndalama safunsa chilichonse, khomo lili pululu. Tsiku lowina zochuluka ndi pamene amakumbukira malamulo: tumizani pasipoti, tumizani umboni wa komwe mumakhala, mwaphwanya ndime yakuti, munagwiritsa ntchito VPN. Umboni wa komwe ukukhala, iwe wogona m'chisakasa cha pa dooko nyengo ya usipa?

Kuno kwathu juga imayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority. Sindikuyamikira kubetcha kwa kuno, masamu ake ndi omwe aja, kwathetsanso mabanja ambiri. Koma kampani yokhala ndi chiphaso cha kuno ili ndi ofesi yomwe ungaipeze ndi mapazi. Ya ku Curaçao ilibe. Ndipo Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti makoini amenewa si ndalama zovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno, wochita nawo malonda adziwonera yekha. Mukapita kupolisi kukanena kuti kasino ya kutsidya la nyanja zamchere yakana kundipatsa 300 USDT, adzakulemberani chiyani?

Angakhale makasino akuluakulu amathyoledwa. Mu September 2023 Stake inaberedwa makoini okwana pafupifupi madola 41 miliyoni, ndipo FBI inati anachita zimenezo ndi gulu la Lazarus la ku North Korea. Stake ndi yolemera, inapitiriza ntchito. Nanga kakasino kopanda dzina komwe linki yake munaipeza pa sitetasi ya mnzanu?

*Bonasi ndi amene akukupatsani linki*

Tiyerekeze kuti mwaika 50 USDT, akupatsani ina 50 ya bonasi. M'timalemba tating'ono alemba kuti musanatulutse muyenera kubetcha bonasiyo ka 40. Ndiye kuti 2,000 USDT idutse patebulo. Mapelesenti atatu a 2,000 ndi 60. Mphatso ya 50 yomwe mtengo wake ndi 60. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono za m'bale wathu amene amakutumizirani linki ndi kodi yake. Makasino amalipira anthu obweretsa makasitomala. Ena amalipidwa gawo la zomwe inu mwaluza, ena gawo la zomwe mwabetcha. Mulimonsemo, iye amadya inu mukamasewera kwambiri. N'chifukwa chake ulaliki wa USDT ukumukomera, umachotsa mantha amene akanakuletsani. Amaonetsa sikirinishoti ya tsiku lowina. Mufunseni aonetse mbiri yonse, zolowa ndi zotuluka, miyezi isanu ndi umodzi. Mufunsenso kuti pa ndalama zomwe amadyera, zochokera mu gemu ndi zingati, zochokera mwa ife ndi zingati. Muona nkhani isintha, ayamba zoti muli ndi nsanje, muli ndi maganizo aumphawi.

*Zomwe ndimaona pa ntchito yanga*

Ine sindiwerenga zimenezi m'nyuzi, zimandipeza pa benchi yanga. Injini ya 15 ikasiya kutulutsa madzi kumbuyo, mwana aliyense wa pa dooko amadziwa kuti impela yatha. Kachinthu ka labala, kolowa m'chikhatho. Ukasintha msanga ndi ndalama yochepa. Ukaumirira kuyenda nayo injini imatentha, pisitoni imagwira, ndiye ukukamba zotsegula injini yonse.

Chaka chino ndalandira injini zoposa imodzi zomwe zinafa imfa imeneyi, osati chifukwa nsomba sizinaphedwe. Mnyamata wina, dzina sinditchula, bambo ake anamupatsa ndalama ya impela ndi oyilo wa giyabokosi. Anandiuza kuti ndidikire masiku awiri, ndalama zili mu waleti, zili bwinobwino chifukwa ndi madola. Masiku awiri anakhala sabata ziwiri. Injini anapita nayo pamadzi choncho, inagwira usiku ali kutali, anachita kukokedwa. Boti linakhala pamchenga mdima wonse, nthawi yomwe anzawo amapha usipa. Mwezi utawala ndi pamene ndalama yokonzera inapezeka, ya katapila.

Werengani anthu amene anagona ndi njala pa nkhani imeneyi. Alovi onse a boti limenelo ndi mabanja awo. Siginala. Amayi amene amagula pa boti lomwelo n'kukayanika. Ana onyamula ndowa. Palibe mmodzi mwa iwo amene anadinapo kandege. Ndipo chondipweteka n'choti USDT ija siinagwe. Inali dola imodzi tsiku loyamba, inali dola imodzi tsiku lomaliza. Inangosintha mwini.

*"Usodzi nawonso ndi juga"*

Awa ndi mawu omwe ndimawamva kawirikawiri, ndipo amandikwiyitsa chifukwa amanyoza makolo athu. Inde, umathira mafuta osadziwa ngati ubwera ndi kanthu. Bambo anga abwerapo opanda ndi ndiwo yomwe. Koma m'nyanja mulibe munthu amene anakhala pansi n'kukonza kuti pa maulendo 100 aliwonse msodzi aziluza atatu. Nyanja ilibe mwini wodya kuluza kwako. Pa nyanja luso limalipira: wodziwa mphepo, wodziwa pomwe utaka umakhala, wosamala ukonde wake, pakutha pa chaka amaposa wosadziwa. Pa kandege wosewera zaka zisanu ndi woyamba lero mwayi wawo ndi umodzi, kungoti wa zaka zisanu waluza zambiri. Komanso msodzi akapha, pamtunda pafika chakudya chomwe kunalibe dzulo. Pa juga sipabadwa kanthu, ndalama imangochoka m'matumba ambiri kupita m'thumba limodzi, ndipo thumba limenelo lili kunja kwa dziko lino.

Taonani ku Mbenji. Chaka ndi chaka mfumu imatseka chilumba nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, anthu n'kudikira mpaka chitsegulidwe. Makolo athu anadziwa kuti chinthu chokupatsa moyo umachipumitsa. Kasino ya m'foni siitseka, usiku, usana, pa maliro, m'tchalitchi, kumzikiti. Ilibe nyengo yoti thumba lako liswane.

*Ndiye titani?*

Ngati mukufunsa kuti pakati pa Bitcoin ndi USDT mubetche ndi iti, ine ndikukana funsolo. Wa Bitcoin akumira m'mafunde, wa USDT akumira pa bata. Kumanda safunsa kuti nyanja inali bwanji.

Ngati nkhawa yanu ndi kugwa kwa kwacha, pali zinthu kuno zomwe mtengo wake umayenda ndi dola ndipo zimagwira ntchito. Impela yapadera, mapulagi, oyilo, propela, ukonde, malata, solala ya nyali za usiku. Amene anagula zimenezi mu October 2023 anaseka mu December. Palibe anamufunsa pasipoti kuti atulutse impela m'bokosi lake. Banki mkhonde ya amayi athu, yomwe ena mumaiseka, pakutha pa chaka imagawana ndalama zooneka ndi maso, ndipo wosunga bokosi mumadziwa pakhomo pake.

Eni maboti, ndalama ya sipeya musamapatsire munthu pa foni usiku. Bwerani nayo nokha kapena mutume munthu ndi ndalama m'manja, mulandire chitsulo chakalecho ngati umboni. Alovi, tsiku logawana yambani mwapereka ya ufa kunyumba foni isanayatsidwe. Ma admin a magulu athu, linki ya kasino ikalowa ichotseni ngati mmene mumachotsera zolaula. A BVC, nkhani imeneyi ikambidwe pamsonkhano wa pa dooko, pakuti ikuimitsa maboti ngati mmene mwera umachitira. Ndipo mwana wosakwana zaka 18 asabwerekedwe foni yobetchera, olo akhale mng'ono wako.

Kwa iwe amene walowa kale mozama, uli ndi ngongole ya katapila, ukuwerenga uthengawu mtima ukugunda: sindikukuseka. Zinthu zimenezi anazipanga anthu ophunzira, olipidwa kuti iwe usaleke. Koma ndalama zinapitazo usazithamangire, pakuti kuthamangira n'kumene kumasandutsa K50,000 kukhala K500,000. Tulutsa zotsala lero, olo zikhale zochepa bwanji. Chotsa apuyo. Uuze munthu mmodzi wamkulu amene umamukhulupirira, kaya malume, kaya abusa, kaya shehe, mukakumane ndi mwini ngongole muli awiri. Manyazi amatha, ngongole imabwezedwa pang'onopang'ono. Usadzipatule, ndipo usaganize zodzichotsera moyo chifukwa cha ndalama. Tikukufuna pa dooko pano.

Amene akutsutsa, bwerani ndi masamu, osati sikirinishoti. Ndionetseni pomwe USDT imasintha 97 kukhala 101, ndipo ine ndikonzerani injini chaka chonse ulere.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani uthengawu ku magulu ena a m'mbali mwa nyanja, makamaka kwa amene mukudziwa kuti sagona usiku chifukwa cha foni.